MBALA IRI NDI DZINA LACE

Pa bwalo la mirandu la kumudzi, cimanga cikabedwa m'nkhokwe, akuru sayamba ndi kufunsa mtundu wa mbala. Iwo afunsa kuti, Ndani waba? Anamuona ndani? Mapazi ace analowera kuti? Ndipo munthu akaimirira nanena kuti, Aba ndi a tsidya lija onse, akuru amkhazika pansi. Pakuti adziwa kuti mau otere sabweza cimanga, koma atentha midzi. Nzeru imeneyi, imene ngakhale nkhalamba yosadziwa kulemba iisunga, tiona kuti yasowa kwa alembi ambiri a nyuzipepala zazikuru za ku America ndi ku Britain pamene alemba za anthu a ku China. Ndipo ici ndico tifuna kutsutsa mwezi uno.

Tiyambe tafotokoza mlandu wace. Masiku ano maboma ndi makampani sasunga zinsinsi zao m'mabokosi a citsulo okha ai. Azisunga m'makina ochedwa kompyuta, ndipo makinawo alumikizana pa dziko lonse lapansi mwa intaneti, monga midzi ilumikizana ndi njira. Munthu wocenjera angathe kukhala pa mpando ku Shanghai ndi kuboola nkhokwe iri ku Washington, osathyola citseko, osaoloka nyanja. Atenga zolembedwa zonse, koma mwini wace pobwera apeza ciri conse ciri m'malo mwace, ndipo nthawi zina papita miyezi yambiri asanadziwe kuti anamlowera.

Tsono maboma a Azungu anena kuti boma la China lituma anthu ace kucita umbala wotere. Ndipo ife sitinena kuti mau amenewa ali opanda pace. M'caka ca 2013 kampani ya ku America, dzina lace Mandiant, inalondola mapazi a mbala zimene zinalowera makampani ndi mabungwe 141, niloza nyumba ina yosanja ku Shanghai, momwe munali gulu la asilikari la nambala 61398. M'caka ca 2014 boma la America linaimba mlandu akuru asanu a gulu lomwelo, kuwachula maina mmodzi mmodzi, kuti anaba zinsinsi za makampani monga Westinghouse ndi Alcoa. M'caka ca 2015 kunamveka kuti mbiri za anthu oposa 21,000,000 zabedwa mu ofesi yosunga maina a anchito a boma la America. M'caka ca 2024 boma la Britain linanena kuti anthu otumidwa ndi China analowera kaundula wa oponya voti. Boma la ku Beijing likana zonsezi. Koma pa ina ya mirandu iyi mboni zacuruka, ndipo munthu woona mtima sangaipeputse. Cifukwa cace ngati boma laba, alichule boma. Ngati msilikari waba, amchule msilikari. Pamenepo tiribe mau.

Mau athu ayamba pamene nkhani ifika pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Pamenepo maina asanu aja asungunuka, natsala mau amodzi okha akuti, Machaina. Machaina atibera, Machaina atizonda, Machaina ali m'nyumba zathu. Ndipo pambali pa mauwo ajambula cinjoka cofiira cirikukulunga dziko lapansi, kapena munthu wobisa nkhope atakhala pansi pa mbendera yofiira. Taonani, abale athu, m'dziko la China muli anthu oposa 1,400,000,000. Mwa iwo muli mlimi wa mpunga wa ku Sichuan, ndi mai wosoka nsapato ku Guangdong, ndi mwana wa sukulu. Ndipo kunja kwa dzikolo kuli ena mamiliyoni ambiri obadwira ku Singapore, ku Malaysia, ku Canada ndi ku America komweko, amene ena a iwo sanapondepo konse pa nthaka ya China. Kodi onsewa anakhala nao pa mpando uja wa ku Shanghai? Anthu asanu aimbidwa mlandu, koma manyazi awasenzetsa pfuko lonse.

Ndipo coiwalika ndi ici, kuti oyamba kulumidwa ndi azondi a boma limenelo ndiwo anthu ace omwe. M'caka ca 2009 ophunzira a ku Toronto anapeza kuti makompyuta a m'maofesi a Dalai Lama, mtsogoleri wa anthu a ku Tibet, analowedwa. M'caka ca 2010 kampani ya Google inaulula kuti amene anaiboola analikufuna makalata a anthu a ku China omenyera ufulu wa anzao. Potero mlembi wonena kuti Machaina aba, waika wolumidwa ndi womluma m'thumba limodzi.

Cithunzi cimeneci si ca lero ai. Cinayamba kale kompyuta isanabadwe. Anthu a ku China zikwi zambiri anakumba mapiri pomanga njanji yodutsa dziko la America, imene inatha m'caka ca 1869. Koma nchito itatha, nyuzipepala za kumeneko zinayamba kuwajambula monga makoswe odzalanda cakudya ca eni dziko. M'caka ca 1882 America anaika lamulo loletsa anchito a ku China kulowa m'dzikomo, ndipo lamulolo linakhala kufikira 1943. M'caka ca 1885 ku Rock Springs anthu a ku China osacepera 28, okumba malasha, anaphedwa ndi anchito anzao Acizungu. M'caka ca 1895 mfumu ya Germany, Wilhelm II, inajambulitsa cithunzi cocenjeza mitundu ya ku Ulaya za ngozi yocokera kum'mawa, imene anthu anaicha ngozi yacikasu. Ndipo m'caka ca 1913 Mngelezi wina, Sax Rohmer, anasindikiza buku la nthano za Fu Manchu, munthu wongopeka, wocenjera ndi wankhanza, wofuna kugonjetsa Azungu mobisika. Nthanozo anazisandutsa mafilimu, ndipo ana a Azungu anakula nazo. Cinjoka ca pa nyuzipepala ya lero ndi mdzukulu wa zithunzi zimenezo. Anangocipatsa kompyuta m'manja.

Wina adzati, Nanga cithunzi cipha munthu kodi? Imvani zipatso zace. Wen Ho Lee anali katswiri wa sayansi ku Los Alamos, kumene America akonza zida zace za nyukiliya. Anabadwira ku Taiwan, koma anali nzika ya America. M'mwezi wa March 1999 nyuzipepala ya New York Times inalemba nkhani yaikuru yakuti China anaba zinsinsi za zidazo, ndi kuti wokayikiridwa ndi katswiri wa mtundu wa Cichaina. Patangopita masiku owerengeka anamcotsa nchito. Pambuyo pace anamuimba mirandu 59, namtsekera m'kacipinda ka yekha miyezi isanu ndi inai. M'mwezi wa September 2000 mirandu 58 inagwa, nutsala umodzi wa kusasamala zolembedwa za boma, umene iye anaubvomera. Za ukazitape sanamuimbe konse. Woweruza, James Parker, anampepesa pa bwalo pomwepo, ndipo nyuzipepala ija inabvomera kuti m'kalembedwe kace munali zolakwa. Koma miyezi ija ndani anambwezera?

Ndiponso m'mwezi wa October 2014, miyezi isanu cicokere mlandu wa asilikari asanu aja, anagwira Sherry Chen, mai woyesa madzi a m'mitsinje ku Ohio, namnenera kuti anatenga mobisa za madamu a America m'kompyuta ya boma. M'mwezi wa March 2015 boma linausiya mlanduwo usanafike pozengedwa. M'mwezi wa May caka comweco apolisi onyamula mfuti analowa m'bandakuca m'nyumba ya Xi Xiaoxing, mphunzitsi wa pa Temple University, nammanga pamaso pa mkazi wace ndi ana ace, ati anatumiza ku China mapulani a cipangizo cobisika. Koma akatswiri anzace atayang'ana mapulaniwo anapeza kuti sanali a cipangizo cimeneco, ndipo m'mwezi wa September mlandu unatha. Onse awiri anali nzika za America. Kucokera 2018 boma la America linali ndi nchito yapadera yosaka azondi, yochedwa China Initiative. Linaitseka m'caka ca 2022, litabvomera kuti inapangitsa anthu kuyesa kuti boma liweruza munthu poyang'ana mtundu wace. Tidziwa kuti nyuzipepala simanga munthu unyolo. Koma ndiyo ilima munda momwe kukayika kumera, kotero kuti wapolisi poona dzina la Cichaina ayesa kuti waona kale theka la umboni.

Ndipo mkwiyo wa pa mtundu sudziwa kusankha. M'caka ca 1982 ku Detroit, pamene anthu analikudandaula kuti magalimoto a ku Japan awalanda nchito, amuna awiri anapha ndi cibonga mnyamata dzina lace Vincent Chin, masiku ocepa ukwati wace usanacitike. Iye sanali wa ku Japan. Anali wa mtundu wa Cichaina. Omuphawo sanagwire ukaidi m'ndende.

Cina cimene titsutsa ndi liwiro. Pamene mtundu wayesedwa kale wakuba, nkhani iri yonse yoipa ya mtunduwo ikhulupiridwa isanayesedwe. M'mwezi wa October 2018 magazini ya Bloomberg Businessweek inalemba kuti azondi a China anabisa kacipangizo kocepa ngati njere ya mpunga m'makina a kampani ya Supermicro, amene anafika ku Apple ndi ku Amazon. Nkhaniyo inazungulira dziko tsiku limodzi. Makampani onse atatu anakana kolimba. Maofesi a citetezo a America ndi a Britain anati alibe cifukwa cokayikira kukanako. Ndipo magaziniyo, ngakhale inaumirira pa nkhani yace, sinaonetse anthu kacipangizoko. Koma ambiri amene anamva za njere ya mpunga sanamve za kukana kuja, pakuti kuneneza kuyenda pa tsamba loyamba, ndipo kutsutsa kutsata pambuyo ndi timalemba tating'ono.

Cotsiriza ndico miyeso iwiri. M'mwezi wa June 2013 Edward Snowden, amene anagwira nchito za bungwe la azondi la America lochedwa National Security Agency, anaulula kuti bungwelo linalowera makompyuta a Tsinghua University ku Beijing ndi makampani a mafoni a ku China. Caka comweco kunamveka kuti linamvetsera foni ya Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany, bwenzi lao lomwe. M'caka ca 2014 kunamvekanso kuti linaboola makompyuta a kampani ya Huawei ku Shenzhen. Ndipo James Clapper, mkuru wa azondi onse a America pa nthawiyo, ponena za mbiri zija zinabedwa mu 2015, anati ocita zimenezo ayenera ulemu, pakuti America akadapeza mpata wotere sakadazengereza. Tiyamika kuti nyuzipepala za Azungu ndizo zinaulula zambiri za izi. Koma taonani kalembedwe kace. Palibe inalemba kuti Amereka onse ndi mbala. Zinachula dzina la bungwe, ndi maina a akuru ace, ndi kusiya mlimi wa ku Iowa pa mtendere. Zidziwa tsono kusiyanitsa boma ndi anthu pamene boma liri lao. Akuru anati, Cakomera mbuzi kugunda galu. Galu akabwezera, mudzi wonse utola miyala.

Tidziwa cimene otsutsana nafe adzayankha. Adzati, Nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Ndiponso China anaika lamulo m'caka ca 2017 lakuti nzika iri yonse ndi kampani iri yonse ithandize azondi a boma ikafunsidwa. Nanga tingakhulupirire yani? Lamulolo liripodi, ndipo boma liri lonse licita bwino kulilingalira posankha wogula naye makina. Koma lamulo lionetsa kulemera kwa dzanja la boma pa anthu ace. Silionetsa kuti munthu wakuti waba. Ndipo mwambi wa nsomba unanenedwa za nsomba za m'dengu limodzi, zosakhoza kusankha. Munthu ali ndi mtima wace ndi nchito zace, ndipo aweruzidwa pa izo. Ena adzati mutu wa nkhani ufuna mau ocepa. Koma kulemba kuti boma la China, kapena Beijing, sikutha inki yoposa.

Ife a mu Africa sitiyenera kuphunzitsidwa kuwawa kwa zimenezi, pakuti nafenso tinalembedwa zaka zambiri monga munthu mmodzi wa nkhope imodzi, wolakwa mmodzi nasenzetsa dziko lonse la anthu akuda. Ndipo popeza nkhani za kunja zitifika pa wailesi ndi pa foni zitaphikidwa kale ku London ndi ku New York, tiyenera kuzilawa tisanameze. Cifukwa cace inu akuwerenga, mukamva kuti Machaina aba, funsani mafunso a akuru a pa bwalo: Ndani waba, boma kodi, kapena gulu liti, kapena munthu uti? Wanena ndani, ndipo iye apindulanji tikakhulupira? Umboni wace uli kuti? Mafunsowa akayankhidwa, mtsutseni wolakwayo osaopa, angakhale ndi boma lamphamvu lotani. Koma akapanda kuyankhidwa, sungani lilime lanu; pakuti mbala iri ndi dzina lace, ndipo wosadziwa dzinalo alibe cilolezo ca kuchula mtundu wonse m'malo mwace.