Jekeseni wa m'bondo samagulidwa pamsika

Makolo athu a ku Chileka ndi ku Lirangwe amakhulupirira jekeseni kuposa mapilitsi. Bondo likayamba kuphwanya nyengo yolima, sasowa “adokotala” a m'mudzi owabaya pomwe pakuwawapo. Ine zimenezi zimandiopsa.

Mankhwala a steroid amaziziritsadi ululu msanga, koma amafooketsanso chitetezo cha thupi pamalopo. Singano ikalowetsa tizilombo ta pakhungu totchedwa Staphylococcus, timaswana m'kati mwa bondo, ndipo mafinya amatha kuwononga polumikizira mafupa m'masiku ochepa chabe. Ena amalumala nazo.

Kale tinkadalira kuti mankhwala alipo. Koma kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, adapeza kuti mu 2016, pa tizilombo 100 ta mtunduwu topezeka m'magazi a odwala, pafupifupi 18 tinali tosamva mankhwala ozolowereka. Mu 1998 tinali pafupifupi 8. Makapisozi a pagolosale omwe timamwa mwachisawawa akuthandizira zimenezi.

Bondo likatupa n'kutentha mutabayidwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musawabisire adokotala za jekeseniyo, ngakhale wokubayaniyo ndi mlamu wanu.