Mapangano a madokotala a m'dera ku England



Ku England munthu akadwala amayamba waonana ndi dokotala wa m'dera lake, wotchedwa GP. Zipatala zing'onozing'ono zambiri za ma GP zimayendetsedwa ndi madokotala eni ake, koma ndalama zimachokera ku NHS, nthambi ya boma yoona zaumoyo, kudzera m'mapangano. Pangano la GMS ndi limodzi dziko lonse. La PMS, lomwe anayamba kuliyesa mu 1998, amakambirana m'dera momwemo, kuti chipatala chothandiza anthu ogona m'misewu kapena othawa kwawo chizilandira molingana ndi ntchito yake.

Mu 2014 bungwe la NHS England linalamula kuti mapangano a PMS awunikidwe, litapeza kuti zipatala za PMS zinkalandira ndalama zoonjezera, kuposa za GMS, zokwana mapaundi 325 miliyoni pachaka. Ndalama zimene sizinkaoneka ntchito yake zinayenera kuchotsedwa pang'onopang'ono, n'kugawidwanso kuzipatala za dera lomwelo.

Chilungamo chake chikumveka: odwala awiri oyandikana nyumba asamathandizidwe mosiyana chifukwa cha pepala limene dokotala wawo anasaina. Komabe ndalamazo zinkalipira anthu: namwino woyeza shuga, womasulira mayi amene Chingelezi chimamuvuta, woyankha foni m'mamawa. Zikachoka, amayamba kumva kuwawa ndi wodwala wosauka.

Choncho akuluakulu asanasinthe pangano lililonse, ayambe afika pachipatalapo, afunse odwala ndi anamwino, aone ntchito ndi maso. Kulinganiza kwabwino n'kukweza amene ali pansi.