Cala cimene cinkadinda pa inki cikudinda pa galasi

Abale ndi alongo, yang'anani cala canu ca cikulu. Cala cotere ndico cinkadinda pa mapepala a atsamunda. Makolo athu sankadziwa kuwerenga. Ankawapaka inki, n'kuwadinditsa pa pepala, ndipo patangopita masiku ocepa ankapezeka ali pa ulendo wocoka ku Angónia kupita ku minda ya nzimbe ya ku Luabo ndi ku Marromeu. Akadandaula za malipiro, kapitawo ankangoyankha kuti: "Unadinda wekha."

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Cibalo cinatha. Inki ija sitiionanso. Koma yankho lija silinafe. Lero likucokera m'foni.

Tamvani zimene zinaonekera mayi wina wa m'kalasi mwathu, mlimi wa mbatata ya kacewere ndi nyemba. Mwana wawo anawaonetsa cithunzi pa Facebook: foni yaikulu, yonyezimira, ndipo pansi pake panalembedwa kuti mtengo wake ndi mametikali 1,500. Atatumiza uthenga pa nambala imene inali pamenepo, mnyamata wina anawaimbira. Anawalankhula m'Cinyanja comveka bwino. Anati: "Amayi, musade nkhawa. Mukapereka 1,500 foni ndi yanu. Zotsala n'zazing'ono, ndiponso intaneti tikupatsani yaulere." Mayiwo anagulitsa nyemba, n'kutumiza ndalamazo. Foni inafika. Ataiyatsa, panatuluka mawu ambirimbiri a Cipwitikizi, a zilembo zazing'ono ngati nthangala za fodya. Mnyamata uja anati: "Musataye nthawi, ingodinani pansipo." Anadina.

Patapita masiku atatu foni inatsekeka. Siinkaimba, siinkalandira. Pa galasi panali mawu akuti alipire mametikali 30 kuti itseguke. Mawa lake 30 inanso. Mkuja 30 inanso. Kuwonjezera apo, akaika kredito yoimbira ankapeza kuti yacepa asanaimbire munthu: tsiku lililonse ankawadula mametikali 5 a nyimbo ndi mauthenga a mpira. Mayiwa sanaonerepo mpira cibadwire.

Tengani pensulo, tiwerengere limodzi monga tinacitira m'kalasi tsiku limene anabwera ndi nkhaniyi. Pangano limene anadina ndi la caka cathunthu. Mametikali 30 kuculukitsa ndi masiku 365 ndi 10,950. Tiwonjezere 1,500 ya poyamba: 12,450. Ya nyimbo ija, 5 kuculukitsa ndi masiku 30, ndi 150 mwezi uliwonse. Nanga intaneti yaulere? Inatha pa sabata imodzi. Pa cithunzi cija nambala ya 12,450 panalibe. Pakamwa pa mnyamata uja sinatulukepo. Ankaidziwa, koma anaibisa, cifukwa ankadziwa kuti mayi amene amagulitsa nyemba pa cidebe akaimva aika ndalama zawo pa mpango n'kubwerera kumunda.

Ataimbira kampani, anadikira nthawi yaitali akumvetsera nyimbo. Pomaliza munthu anayankha kuti: "Munavomera nokha. Zonse zinalembedwa m'pangano."

Ife tikuti ayi. Mayiwa sanavomere. Kuvomera n'kumva mtengo wonse, kuuganizira, n'kunena kuti inde. Munthu amene wauzidwa mtengo wina ndi pakamwa, pamene pepala likunena mtengo wina m'cinenero cimene sangawerenge, sanavomere kanthu. Wacheredwa msampha. Taonani mmene amacitira: pokopa amalankhula Cinyanja, pomanga amalemba Cipwitikizi. Ngati anapeza mawu a Cinyanja otamandira foni, analephera bwanji kupeza mawu a Cinyanja ochulira ngongole? Mwini kantina wa nthawi ya atsamunda ankacita comweco. Ankatilonjera m'cinenero cathu, koma sikelo yoyezera cimanga ankaiwerenga yekha.

Pali ena amene amati: "Mukudana ndi citukuko. Popanda kulipira pang'onopang'ono, mlimi angaipeze kuti foni yotere?" Sitikudana ndi foni. Timaidziwa nchito yake. Kuyambira pamene Movitel inayamba nchito mu 2012, netiweki inafika m'midzi yambiri imene inalibe. Ndi M-Pesa, e-Mola kapena mKesh mwana amene ali ku Tete kapena ku Johannesburg amatumiza ndalama ya feteleza, n'kufika tsiku lomwelo. Ngongole nayonso si chimo. Timabwerekana mbewu, timabwerekana ngolo. Koma wobwereketsa woona amanena poyera kuti: ndakupatsa zidebe ziwiri, udzabweze zitatu. Amene akufuna 12,450 alembe 12,450 ndi zilembo zazikulu pamwamba pa cithunzi, ndipo wogula asankhe yekha.

Ena amati: "Mametikali 5 ndi ciyani? Munthu wamkulu n'kumakangana cifukwa ca 5?" Amene amalankhula conco sanawerengere. Kwa mayi uja 150 ya pa mwezi ndi sopo, mcere ndi kope la mwana. Ndipo sadula munthu mmodzi. Tiyerekeze kuti anthu 1,000 akudulidwa 5 pa tsiku: ndi mametikali 5,000 tsiku lililonse, olowa m'thumba limodzi. Amadula pang'ono dala, podziwa kuti palibe amene angalipire galimoto kupita ku Ulónguè kukadandaula za 5.

Bodza lacitatu ndi limene limatipsetsa mtima kopambana. Kampani imati: "Mnyamata amene anakunamizaniyo si wanchito wathu, amangotigulitsirako." Cabwino. Nanga 30 ya tsiku ndi tsiku imapita kwa yani? Amene amatseka foni ndani? Polandira ndalama mnyamatayo ndi wawo, poyankha mlandu samudziwa! Mbuzi ikadya cimanga ca mnzako, sunena kuti sindinaitume. Mwini khola ndiye amalipira.

Tsopano mvetserani bwino, cifukwa apa ndi pamene ambiri a ife tili mu mdima. Malamulo alipo. Lamulo Lalikulu la dziko lathu, la mu 2004, pa ndime 92, limanena kuti wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona za cinthu cimene akugula, ufulu wotetezedwa pa cuma cake, ndi ufulu wobwezeredwa akawonongeredwa. Ndime yomweyo imaletsa kutsatsa malonda monyenga. Palinso lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, la pa 28 Seputembala 2009. Lamuloli limapatsa munthu amene wagula cinthu kutali, osati m'sitolo, masiku 7 a nchito kucokera tsiku limene wacilandira, oti angathe kubweza n'kuthetsa pangano. Masiku 7 okha! Mayi wathu uja anamva za masiku amenewa patapita miyezi iwiri. Mnyamata uja sanawachule n'komwe.

Apa tidzidzudzulenso tokha. Tikanamizidwa timacita manyazi. Timabisa. Timati anthu atiseka kuti ndife mbuli. Mayiwa analipira masabata 8 ali cete, ngakhale amuna awo osadziwa. Manyazi amenewa ndi amene amanenepetsa wakuba. Inunso acinyamata, amene mumadziwa Cipwitikizi ca kusukulu: mayi anu akakupatsani foni kuti muwathandize, musadine mothamanga ngati mukuphwanya nsabwe. Werengani, muwamasulire, ngakhale zitenge ola lathunthu.

Nazi zimene tinacita m'kalasi. Mwana wa mayiwo anafufuza cithunzi cija, n'kucijambula cisanafufutidwe, cifukwa zithunzi zotere sizikhalitsa. Tinatsegula mauthenga onse a malipiro, n'kukopera m'kope tsiku, ndalama ndi nambala ya uthenga uliwonse. Masamba anadzaza atatu. Kenaka tinalemba kalata. Mayiwo ananena mawu awo m'Cinyanja, ife tinawaika m'Cipwitikizi: cimene analonjezedwa, cimene analandira, cimene anadulidwa, ndi cimene akufuna. Anafuna zinthu ziwiri: kuti za nyimbo zileke ndipo ndalama zake zibwerere, ndiponso kuti abweze foni, pangano lithe. Pansi pa kalata sanadinde cala. Analemba dzina lawo okha, pang'onopang'ono, cilembo ndi cilembo. Aka kanali koyamba kulilemba pa pepala lopita ku ofesi.

Makalata tinalemba awiri ofanana. Imodzi anaisiya ku sitolo ya kampaniyo, inayo anapempha kuti aidinde cidindo ndi kulembapo tsiku, n'kubwera nayo kunyumba. Wa pa kauntala poyamba anakana, amvekere nkhani zotere n'zoimbira pa foni. Mayiwo anakhala pa benchi, n'kunena kuti sacoka. Anali ndi anzawo atatu a m'kalasi. Dzuwa litapendeka cidindo cinapezeka.

Tikulimbikira za pepala cifukwa mawu a pa foni amauluka ndi mphepo. Ukaimba lero akuyankha wina, mawa wina, ndipo aliyense amati nkhaniyi akuimva koyamba. Ngati mwaimba, funsani nambala ya dandaulo lanu, muilembe. Musangosiya kulipira mwakacetecete, osalemba kanthu: foni adzaitseka ndipo adzati wolakwa ndinu. Ndipo munthu aliyense amene angakuimbireni kuti akubwezerani ndalama mukamuuza PIN yanu, ameneyo ndi mbala ina yobwera kudzakunkha zotsala.

Kampani ikapanda kuyankha, njira siinathere pamenepo. Za kredito, mauthenga ndi intaneti zimayang'aniridwa ndi INCM, bungwe la boma loona za mafoni. Za malonda acinyengo zimapita ku bungwe la boma limene limayendera masitolo ndi amalonda. Wosauka amene akufuna thandizo la za malamulo angapite ku IPAJ, imene inakhazikitsidwa kuti izithandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Maofesi amenewa si a anthu a nsapato okha ayi. Amayenda ndi misonkho ya tonsefe.

Wina adzati: "Mlimi angalimbane ndi kampani?" Kumbukirani 2024. Mu Meyi caka cimeneco mitengo yatsopano ya mafoni ndi intaneti inayamba kugwira nchito, ndipo anthu ambiri anaona kuti intaneti yawakwerera. Acinyamata anaguba mumzinda wa Maputo. Pasanathe miyezi iwiri mitengoyo inaimitsidwa. Aliyense akanangodandaulira m'nyumba mwake, ikanakhalapobe.

Nkhani ya mayi wathu siinathe. Patapita masabata atatu kudula kwa nyimbo kunaleka, ndipo anawabwezera kredito ya mwezi umodzi, pamene anawadula miyezi iwiri. Za foni akuti masiku obwezera anadutsa. Ife tikuyankha kuti masikuwo sangawerengedwe kwa munthu amene anabisiridwa mtengo, ndipo kalata yaciwiri, yokhala ndi cithunzi cija, yapita kale ku bungwe loyendera amalonda lija. Pakali pano akulipirabe 30 pa tsiku, ndipo tsiku lililonse akulemba m'kope.

Atamva nkhaniyi, anthu ena asanu a m'kalasi anaulula kuti nawonso kredito yawo imatha usiku iwo ali mtulo. Lacinai likudzali aliyense abwere ndi foni yake yodzaza moto, kope ndi pensulo. Tidzatsegula mauthenga umodziumodzi. Amene ali ndi pepala la pangano abwere nalo, ngakhale litang'ambika.