Mfundo za khonsolo zimangidwe poyera

Mjigo ukafa m'mudzi, mlatho ukakokoloka, msika ukakhala wopanda chimbudzi kapena ana a Sitandade 1 akamaphunzirira pansi pa mtengo, ambiri a ife timaloza chala ku Capital Hill. Komatu zambiri mwa nkhani zimenezi zimagamulidwa pafupi, paboma pathu pomwe, m'chipinda cha khonsolo chomwe anthu ochuluka sanapondemo phazi chibadwire. M'menemo ndi momwe amasankha mudzi woyamba kulandira madzi, msewu woyamba kupalidwa ndi sukulu yomwe idikire chaka chinanso. Maganizo athu ndi akuti chitukuko cha m'maboma sichidzalongosoka mpaka tsiku lomwe munthu wamba adzathe kulondola mfundo ya khonsolo kuchokera pomwe inabadwira kufika pomwe ndalama yake inathera.

Lamulo lilipo kale, ndipo si loipa. M'chaka cha 1998 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu kumaboma pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, zomwe anthu anazipatsa dzina lakuti mphamvu ku anthu. Cholinga chinali chakuti sukulu zapulayimale, zipatala za m'maboma, ulangizi wa zaulimi, misewu ya kumidzi, madzi ndi misika ziziyendetsedwa ndi anthu okhala pafupi ndi mavutowo, pakuti wodziwa podontha ndi amene amagona m'nyumbamo. Makhonsolo 28 a m'maboma, kuphatikizapo a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndi ena a m'matauni, anapatsidwa udindo wokonza mapulani, kuvomereza bajeti, kutolera ndalama komanso kupanga malamulo a m'dera.

Mbiri ya zomwe zinatsatira ndiyo ikufotokoza matenda omwe tikuwaona lero. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa m'chaka cha 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka mwezi wa May 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo anayenda popanda oimira anthu osankhidwa m'mawodi. Mfundo zinkamangidwa ndi abwanamkubwa, akuluakulu a nthambi za boma, aphungu ndi mafumu. Mkatikati mwa zakazo, mu 2010, lamulo linasinthidwa: aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo ndipo kusankha bwanamkubwa kunaikidwa m'manja mwa nduna. Makhansala pobwerera anapeza mipando ili ndi eni ake kale. Chizolowezi chomanga mfundo muofesi n'kuzibweretsa kumsonkhano zitapsa kale chinayamba nthawi imeneyo, ndipo m'makhonsolo ambiri sichinathe.

Papepala, njira yomwe mfundo iyenera kudutsa ndi yomveka. Anthu amakumana kwa agulupu, pansi pa komiti yachitukuko ya VDC, n'kutchula zosowa zawo motsatana, choyamba, chachiwiri, chachitatu. Zimenezo zimapita ku komiti ya ADC ya m'dera la mfumu yayikulu, komwe amaziphatikiza ndi za midzi ina. Paboma, akatswiri a zaumoyo, zamaphunziro, zamadzi ndi zomangamanga amaziunika n'kuwerengera mtengo wake, kenako zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Makomiti a khonsolo, monga ya zachuma ndi ya zachitukuko, amazikambirana, ndipo mawu omaliza amakhala a msonkhano wa khonsolo yonse. Njira imeneyi ikatsatidwa, mayi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira angathe kunena kuti mjigo uwu tinaupempha tokha pamsonkhano wakutiwakuti.

Vuto n'lakuti njirayi imaduka m'malo angapo. Poyamba imadukira kumudzi komweko. Makomiti a VDC ndi ADC ena amadzaza ndi abale a mfumu kapena otsatira chipani cholamula m'deralo, ndipo ena atha zaka osasankhidwanso. Anthu akapempha chipatala cha amayi oyembekezera, chomwe chimafika ndi chipilala cha pabwalo la mpira kapena kanyumba kodikiriramo basi, chifukwa zimenezo zimaoneka msanga kwa odutsa pamsewu. Anthu akaona kawiri katatu kuti mndandanda wawo sugwira ntchito, amaleka kupita kumisonkhano, ndipo akaleka, ochepa otsalawo amasankhira onse.

Imadukanso m'chipinda cha khonsolo. Msonkhano wa khonsolo yonse uyenera kuchitika kanayi pachaka, koma timamva kawirikawiri kuti walephereka chifukwa palibe ndalama za alawansi ndi mafuta. Ukachitika, makhansala amapatsidwa mabuku a bajeti a masamba ambirimbiri, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, m'mawa wa tsiku lomwelo. Khansala amene sanawerenge sangafunse, ndipo amene sangafunse amangokweza dzanja. Kuvomereza kotereku n'kusainira zomwe ena anagamula kale. Bwanamkubwa naye, poti anamutuma ndi a ku likulu ndipo ndiwo angamusamutse tsiku lililonse, khutu lake limapendekera kumene kunachokera kalata yake ya ntchito.

Malo achitatu pomwe pamaduka ndi pa makontirakiti. Paliponse m'dziko muno pali midadada ya sukulu yomwe inaimira pawindo, nyumba za aphunzitsi zopanda denga, milatho yomwe inagwa ndi mvula yoyamba. Malipoti a mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma akhala akudandaula chaka ndi chaka za ndalama zomwe makhonsolo analipira popanda zikalata zotsimikizira. Kontirakitala akalandira ndalama zonse ntchito ili pakati, pali munthu amene anasaina kuti ntchito yatha. Munthu ameneyo ali ndi dzina ndi udindo, ndipo anthu a m'deralo ali ndi ufulu womudziwa.

Nkhani ya thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, yaonetsa poyera kulimbirana mphamvu kumeneku. Thumbali linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma linakula mpaka kufika K200 miliyoni pa dera lililonse mu 2024. Ndalamazi zimadutsa mu akaunti ya khonsolo ndipo woyankha ndi bwanamkubwa, koma kwa zaka zambiri wosankha ntchito anali phungu. Mu May 2025, pamlandu womwe linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, bwalo lalikulu linagamula kuti n'kusemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumbali komanso kuti azivota m'makhonsolo. Chifukwa chake n'chomveka: amene ntchito yake ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama sangakhalenso wogawa ndalamazo. Ife tikugwirizana ndi mfundo imeneyi.

Komabe tikuchenjeza makhansala 509 omwe mawodi awo anapikisanidwa pa 16 September 2025 kuti asamve chigamulochi molakwika. Bwalo silinalande chuma kwa phungu kuti likachipereke m'thumba la khansala. Ngati khansala ayamba kusankha yekha ntchito, kubweretsa mlamu wake kuti amange, n'kulemba dzina lake pakhoma, ndiye kuti tangosintha munthu, matenda ali pomwepo. Ndipo popeza pa kampeni ya 2025 panamveka lonjezo lokweza ndalama zachitukuko kufika K5 biliyoni pa dera lililonse, nkhaniyi yakula kuposa kale. Khonsolo yomwe ikulephera kufotokoza za K200 miliyoni siingadalirike ndi mabiliyoni pokhapokha itasintha kachitidwe kake.

Tinene chilungamo, makhonsolo nawo ali ndi madandaulo oona. Ndondomeko ya 1998 inati boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe limatolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zachitukuko zomwe amalandira n'zochepa ndipo zimafika mochedwa. Ndalama ya msewu ikafika mvula itayamba, ntchito imadula ndipo siikhalitsa. Maunduna ena akukakamirabe ntchito ndi ndalama zomwe anayenera kuzitula kalekale. Makhonsolo ambiri alibe mainjiniya ndi owerengera ndalama okwanira. Boma lalikulu silingamalamule makhonsolo kuti achite bwino kwinaku likuwamana zipangizo. Unduna wa zachuma ndi komiti ya NLGFC, yomwe imagawa ndalama kumakhonsolo, azitumiza ndalama pa nthawi yake ndi kulengeza poyera kuti boma lakuti lalandira zakuti.

Koma kuchepa kwa ndalama sikungakhale chifukwa chobisira anthu zochepa zomwe zilipozo. Tiyeni tione msika. Mayi wogulitsa tomato amadula chiphaso tsiku lililonse, agulitse asagulitse. Ndalama imeneyo ndi ya khonsolo yeniyeni, siidikira Capital Hill. Nanga bwanji misika yambiri ilibe madzi, zimbudzi zake zinadzadza ndipo zinyalala zimatha sabata osachotsedwa? Ochita malonda akanyanyala kudula ziphaso, monga zachitikira m'misika ingapo, akuluakulu amati anthu ndi osamvera. Ife tikuona kuti anthuwo akufunsa funso loyenera. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700. Matendawa amayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Mfundo yakuti ndalama ya ziphaso ipite ku alawansi kapena ku chimbudzi cha pamsika ndi mfundo ya moyo ndi imfa. Chimodzimodzi kugawa malo omanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri: zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe zinatiphunzitsa kuti malamulo a khonsolo a kamangidwe ayenera kutsatidwa ngakhale atakwiyitsa ovota.

Umboni woti zinthu zingasinthe ulipo. Kudzera mu ntchito ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, makhonsolo a m'maboma akhala akuyesedwa chaka chilichonse pa kasungidwe ka mabuku a ndalama, kagulidwe ka katundu, kamalizidwe ka ntchito ndi kufotokozera anthu. Khonsolo yochita bwino imalandira ndalama zowonjezera, yolephera imamanidwa. Chiyambireni kuyesaku, makhonsolo ayamba kusamala zinthu zomwe kale ankazinyozera, chifukwa palibe bwanamkubwa amene amafuna kuti boma lake litchulidwe kumapeto kwa mndandanda. Phunziro lake n'lakuti khonsolo imawongoka ikadziwa kuti pali maso akuyang'ana. Maso amenewo asakhale a opereka thandizo okha. Akhale a eni dera.

Choncho tikupempha zinthu zomwe sizifuna lamulo latsopano kapena ndalama zambiri. Tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse lizilengezedwa pasadakhale, ndipo khomo lizikhala lotsekula kwa anthu ndi atolankhani. Makhansala azilandira zikalata sabata imodzi msonkhano usanachitike, ndi chidule chake m'chinenero cha m'deralo, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitonga. Zomwe agwirizana zizimatidwa paboma, kwa mfumu yayikulu, pamsika ndi pachipatala. Pantchito iliyonse pazikhala chikwangwani chonena mtengo wake, dzina la womanga, tsiku loyamba ndi lomaliza. Pamsika uliwonse pazilembedwa ndalama zomwe zatoleredwa mwezi umenewo ndi zomwe zabwerera kudzakonza msikawo. Mawailesi a m'madera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi ndi Bembeke ku Dedza, angathe kuulutsa zokambiranazi kuti wakutali naye amve. Ndipo pempho la mudzi likakanidwa, khansala abwerere kukanena chifukwa chake. Anthu amamvetsa kuti ndalama sizikwanira onse nthawi imodzi. Chomwe chimawapweteka ndi kusayankhidwa.

Mafumu, omwe amakhala m'khonsolo ngakhale savota, ali ndi mawu olemera. Awagwiritse ntchito poteteza mndandanda wa anthu awo, osati pokokera chitukuko kufupi ndi likulu lawo. Mipando isanu yomwe lamulo linasungira oimira magulu apadera ipite kwa anthu olankhuladi m'malo mwa amayi, achinyamata ndi anthu a ulumali, chifukwa iwowa ndiwo amayamba kumva kuwawa mjigo ukakhala kutali kapena chipatala chikakhala ndi masitepe okhaokha.

Nafenso anthu tili ndi mbali yathu. Tikamayesa khansala ndi bokosi la maliro lomwe wagula kapena ndalama yomwe wapereka pachinkhoswe, tikumukankhira tokha kukafuna ndalama m'njira zachinyengo. Ntchito yake ndi kutenga mawu athu, kuwerenga bajeti, kufunsa mafunso ndi kubwera kudzatiuza zomwe zagamulidwa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga kuchokera kumaofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo likukhudza makhonsolo onse. Kufunsa bajeti ya khonsolo si mwano, si ndale, ndi ufulu.

Tikupempha wapampando wa khonsolo iliyonse ndi bwanamkubwa wake kuti msonkhano ukubwerawu ukhale woyamba kulengezedwa kwa anthu onse, ndipo zomwe agwirizane zikapezeke pakhoma la msika sabata isanathe. Inunso owerenga, pitani kumsonkhano wa VDC wa kwanu, mufunse khansala wanu kuti pempho la mudzi wanu lili pati, ndipo musachoke asanakuyankheni.