Njovu zili kuseri kwa phiri, koma ana athu amazionera pa foni

Mwezi wathawu mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Jogalafe zaka zapitazo, yemwe pano akugwira ntchito ku Nairobi, ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Anali atapita ku Maasai Mara ndi anzake a kuntchito, ndipo anajambula nyumbu zikwizikwi zikudziponya mumtsinje wa Mara pochokera ku Serengeti, ng'ona zitatchera kumadzi. Pansi pake analemba kuti, "Aphunzitsi, zija munkatijambulira pa bolodi zija ndaziona ndi maso angawa." Ndinasangalala, ndisaname. M'mawa mwake ndinatenga foni ija n'kukaonetsa ana anga a Fomu 3, ndipo kalasi yonse inachita kuunjikana patebulo panga ngati pagwa ngumbi.

Atakhala pansi ndinawafunsa kuti ndi angati anaonapo njovu yamoyo. Anakweza mkono ndi awiri okha, ndipo mmodzi mwa awiriwo, nditamufunsitsitsa, anavomera kuti ankanena njovu ya gule wamkulu imene inatuluka pa maliro a mfumu kwawo. Tinaseka tonse, koma ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa chabe. Ana amenewa ndi a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Nkhalango ya Nkhotakota, imene ili ndi njovu mazanamazana, imachita malire ndi boma la Ntchisi. Mzungu amakwera ndege kuchokera ku London kudzaziona, pamene mwana wa ku Malomo kapena ku Mponela amamaliza Fomu 4 osaponda ndi pachipata pomwe.

Maganizo anga ndi akuti vuto limeneli ndi lathu aphunzitsi, ndipo tisalikankhire kwina. Mwana asamachoke m'manja mwathu asanaoneko nyama zam'tchire za dziko lake.

Tikumbutsane kaye zimene tili nazo, chifukwa enafe tikamva mawu akuti safari timangoganiza za Kenya ndi Tanzania. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozembera anazisakaza mpaka pofika 2015 zinali zosakwana 100. Chaka chomwecho boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira nkhalangoyi pamodzi ndi ya Liwonde, monga linali litayambira ku Majete mu 2003. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinanyamulidwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete n'kukatulidwa ku Nkhotakota. Manyuzipepala a maiko akunja analemba nkhaniyi kwambiri, mwina chifukwa Prince Harry anabwera kudzathandiza nawo ntchitoyo mu 2016. Ku Majete, kumene nyama zinali zitatheratu, lero kuli njovu, mikango, akambuku, njati ndi zipembere, nyama zisanu zija alendo amazilipirira ndalama zankhaninkhani ku Serengeti. Ku Liwonde mikango inabwezeretsedwa mu 2018. Zambiri mwa izi zachitika ana athuwa atabadwa kale, koma mukawafunsa amangokuyang'anani.

Ife tinayesapo kamodzi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene zinayendera popanda kukometsera. Tinali ndi kalabu ya zachilengedwe pasukulu, ya mtundu uja bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'sukulu kwa zaka zambiri. Amene munaphunzira kale mukukumbukira magazini ya Nantchengwa. Ana analima soya kamunda ka kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, tinagulitsa, makolo anasonkhapo kangachepe, ife aphunzitsi atatu tinawonjezera za m'thumba. Tinachita hayala minibasi ziwiri n'kunyamuka tambala woyamba atangolira, titanyamula mbatata yophika ndi thobwa m'zigubu.

Nkhotakota si Serengeti ayi. Ku Serengeti ndi chidikha cha udzu, munthu umaona nyama ili kutali. Kwathu kuno ndi nkhalango ya misuku, mitondo ndi mitengo ina yothithikana, yodzaza zitunda ndi zigwa, ndipo kashembe amaluma osaona kuti uyu ndi mphunzitsi. Tinayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo titangoona anyani, njiri zingapo ndi mbawala imodzi imene inadumpha msewu ngati mphezi. Ana anayamba kung'ung'udza kuti soya wawo wapita pachabe. Woyang'anira nkhalango amene anatiperekeza sanatekeseke. Anaimitsa galimoto, natisonyeza ndowe za njovu, n'kuzifukula ndi kamtengo kuti ana aone njere za zipatso zimene zinali mkatimo. Anawafotokozera kuti njovu imadya chipatso kuno n'kukataya njere kutali, itazipatsiratu manyowa. Phunziro la kufala kwa mbewu limene ndinaona mnzanga wa Bayoloje akulimbana nalo milungu iwiri, bambo ameneyu analimaliza m'mphindi zisanu.

Njovuzo tinazipeza chakumadzulo pafupi ndi mtsinje wa Bua, zinayi zazikulu ndi kamwana. M'minibasi munali zii. Mtsikana wina wolongolola kwambiri m'kalasi mwanga anangogwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. Pobwerera anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine ndimaganiza kuti pa zithunzi amachita kuikulitsa." Chaka chimenecho funso la zokopa alendo litabwera pa mayeso oyeserera, ana amene anapita nawo analemba zinthu zimene sizinali m'manotsi anga.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima, chifukwa ndinazimva kale mu ofesi ya aphunzitsi. Choyamba ndi ndalama. Kholo limene likulephera kulipira fizi kapena kugula thumba la feteleza, tingalipemphe bwanji ndalama yoti mwana akaone njovu? Funsoli ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma ndalama yolowera kumalo osungirako nyama kwa Mmalawi ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya mlendo wakunja. Chimene chimadya ndalama ndi galimoto, ndipo galimoto timaipeza ndithu pakakhala mpira wa miyendo kapena wa manja ku sukulu ina, kapenanso msonkhano wa mapemphero wa ophunzira. Sindikunena kuti zimenezo zisiyidwe. Ndikungoti pa maulendo anayi kapena asanu amene sukulu imapanga pachaka, umodzi ukhoza kulunjika kunkhalango.

Chachiwiri ndi cholemera kwambiri, ndipo anandiuza ndi mwana wasukulu. Mnyamata wina amene amalume ake amakhala kufupi ndi malire a nkhalango anati, "Inu mukuti njovu ndi yokongola chifukwa simunaionepo ili m'munda mwanu." Ndinasowa choyankha. Njovu zikalowa m'munda usiku umodzi, banja limagona ndi njala chaka chonse. Mu July 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park, ndipo pambuyo pake tinamva nkhani za anthu ophedwa ndi njovu komanso minda yowonongedwa m'midzi yozungulira, kuno ku Malawi ndi kutsidya ku Zambia. Mlendo wa pa galimoto ya safari amajambula n'kumapita, wotsala ndi njovuyo ndi mlimi.

Komatu chimenechi ndiye chifukwa china choti ana athu azipita kumeneko. Mawa lino ena mwa iwo adzakhala makhansala, mafumu, alangizi a zaulimi, aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ndi iwo amene adzafunse ngati mpanda wamagetsi unamalizidwa nyama zisanabwere, ngati ndalama za alendo zikufika kumudzi, ngati wamasiye amene mwamuna wake anapondedwa ndi njovu wathandizidwa. Munthu amene sanaonepo nyamayo, mpandawo, kapena munda wa m'mbali mwa mpandawo sangafunse mafunso amenewa bwinobwino. Choncho ulendo wa sukulu usathere pa kujambula zithunzi. Ana acheze ndi oyang'anira nkhalango, achezenso ndi anthu a m'midzi yoyandikana nayo, amve mbali zonse ziwiri. Adziwenso kuti kuyambira mu 2017 lamulo loteteza nyama zam'tchire linakhwima, moti wopezeka ndi mlandu waukulu, monga wa minyanga ya njovu, akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Pali anyamata a m'midzi yathu amene amatumidwa ndi anthu a ndalama kukatchera misampha asakudziwa n'komwe zimenezi.

Kwa sukulu imene singakwanitse minibasi, phiri la Ntchisi lilipo, ndipo kwa ena ndi ulendo wa pansi kapena wa panjinga. Nkhalango ya paphiri limeneli ndi imodzi mwa zochepa zotsala m'dziko muno zimene mitengo yake ikuluikulu siyoyola masamba chilimwe. Makolo athu Achewa ankabisala m'menemo pothawa nkhondo ya Angoni m'zaka za m'ma 1800. Simukapezamo mkango, koma muli nchima, agologolo, mbalame zamitundumitundu, agulugufe ndi maluwa omera pamitengo. Mwana akaima pansi pa mtengo woti anthu atatu sangaukumbatire, akamva kuzizira kwa mthunzi wake masana a October, kenako n'kutembenuka kuona mapiri a ku Dowa amene tawameta mpala ndi makala ndi zigafa za fodya, safunanso mphunzitsi womuuza tanthauzo la kutha kwa nkhalango.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nyamazi zili m'chilankhulo chathu monse. Mwana wa Chichewa amakula ndi nthano za Kalulu ndi Njovu, amamva akulu akuti fisi akagwa m'mbuna salankhula, amaona zilombo za gule zotengera nyama za m'tchire. Agogo athu amene anapeka zonsezi ankakumana nazo nyamazi popita kudambo. Ifeyo tatsala ndi maina okha, ndipo tikapanda kusamala adzukulu athu adzayesa kuti njovu ndi chinthu cha ku Kenya.

Tsono anzanga aphunzitsi, teremu ikubwerayi tiyeni tiyike nkhaniyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Tiyambe ndi kamunda ka soya kapena mtedza, tilembe kalata ku ofesi ya nkhalango kufunsa mitengo ya magulu a sukulu, tisankhe miyezi ya chilimwe pamene udzu wauma ndipo nyama zimatsikira kumadzi. Inunso ana anga amene muli pantchito ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi ku Nairobi, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba pano. Zithunzi zanu za ku Maasai Mara pitirizani kutumiza, timazikonda. Koma mukamatumiza, kumbukirani kuti mafuta a minibasi imodzi akhoza kufikitsa ang'ono anu khumi ndi asanu pa mtsinje wa Bua.

Mnyamata wa ku Nairobi uja ndamuuza kale, ndipo wavomera kuti minibasi yoyamba ndi yake. Yachiwiri ikudikira mwini wake.