Chiwerengero cha okhoza mayeso sichiulula zonse pa sukulu za ku Chinyonga

Chaka chilichonse bungwe la Maneb likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, makolo a ku Chinyonga mumzinda wa Blantyre amafuna kumva chinthu chimodzi: kodi pa sukulu pathu akhoza angati? Kukhoza kukachuluka, mphunzitsi wamkulu amatamandidwa. Kukachepa, dzina lake limamveka pamsika ndi m'minibasi momwe. Komatu pa sukulu yaing'ono ya boma, chiwerengero chimenechi chimafotokoza kwambiri za ana amene adakwanitsa kufika mu Sitandade 8 kusiyana ndi mmene sukuluyo ikuphunzitsira.

Zotsatira za dziko lonse zimaoneka zosangalatsa. M'chaka cha 2023, ana oposa 87 mwa 100 alionse amene adalemba mayesowa adakhoza. Koma malipoti a unduna wa zamaphunziro akhala akusonyeza kuti ana amene amamaliza pulayimale ndi pafupifupi theka chabe, ndipo chaka chilichonse pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amabwereza kalasi. Choncho amene amalowa m'chipinda cha mayeso amakhala atasefedwa kale. Anzawo amene adagwa m'njira mu Sitandade 4 kapena 6 saoneka pamndandanda wa Maneb, kotero sachepetsa ulemerero wa sukulu iliyonse.

Kafukufuku wa MICS amene ofesi ya boma yoona za kalembera idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga n'kumva kankhani kofanana ndi ka m'makalasi oyambirira. Pa masamu anali pafupifupi 13. Kusiyana kwa ziwerengero zimenezi ndi zija za mayeso kukuonetsa pamene pagona vuto: m'makalasi a m'munsi, kumene makolo ambiri sayang'anako.

Ku Chinyonga nkhaniyi imakhudzanso kuti ana amene ali m'kalasi ndi a yani. Derali lili pakati pa Chichiri ndi Limbe, ndipo muli mabanja a anthu apantchito amene ambiri, akangopeza kangachepe, amatumiza ana awo ku sukulu zoyima pazokha. Ku sukulu ya boma kumatsala makamaka ana a mabanja ochita lendi, a alonda, a ogwira ntchito zam'nyumba, a ochita geni, komanso ochokera m'madera oyandikana kumene anthu adathithikana. Banja lochita lendi limasamuka nyumba ikakwera mtengo, ndipo mwana amasintha sukulu pakati pa teremu, lero Chinyonga, mawa Bangwe kapena Zingwangwa. Mphunzitsi amene adamulandira mu Sitandade 2 samuonanso mu Sitandade 5.

Chuma chikagwedezeka, kaundula wa sukulu amagwedezeka nacho. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idakwera. Nthawi zotere makolo olephera fizi amabweza ana ku sukulu za boma, pomwe mabanja osaukitsitsa amayamba kujombetsa ana kuti akathandize kugulitsa malonda. Sukulu imene yalandira ana odziwa kale Chingerezi, n'kutaya ana ovutika, ikhoza kuoneka ngati yachita bwino pamayeso ngakhale kaphunzitsidwe kake sikadasinthe. Izi n'zofunika kuzimvetsa chifukwa mayeso a Sitandade 8, kupatula pepala la Chichewa, amalembedwa m'Chingerezi.

Kuchepa kwa ana pa sukulu nako kumasocheretsa. Tiyerekeze kuti olemba mayeso alipo 40. Mwana mmodzi yekha akuyimira 2.5 peresenti, ndipo ana anayi akadwala malungo sabata ya mayeso n'kulephera, sukulu yatsika ndi 10 peresenti. Palinso ana amene adakhoza kale koma akubwereza Sitandade 8 chifukwa sadasankhidwe, kapena akufuna malo ku sukulu ngati Blantyre Secondary School m'malo mwa CDSS. Obwereza otere amakweza chiwerengero cha okhoza. Madandaulo akuti sukulu zina zimatsakamiza ana ofooka mu Sitandade 7 kuti mbiri isaipe nawonso si achilendo m'dziko muno.

Ana amene ali m'makalasi a pamwamba lero adutsa m'zokhoma zimene sizilembedwa pa satifiketi. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha Covid-19. Mu Januwale 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe kaamba ka kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adapha anthu ambiri m'mphepete mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe. Sukulu zidatsekedwanso, zina n'kusanduka misasa ya othawa madzi. Mwana amene kwawo kuli mabuku ndi makolo odziwa kuwerenga adapitiriza kuphunzira pakhomo. Mnzake wopanda zimenezi adabwerera m'kalasi ataiwala ndi zochepa zomwe ankadziwa.

Gwero la zonsezi ndi lakale. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, pomwe aphunzitsi ndi zipinda sizidachuluke mofanana. Mpaka lero mulingo wa boma wakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60 sukwaniritsidwa m'makalasi ambiri oyambirira a m'tauni. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati mwana aliyense akuyenera kupita ku pulayimale, ndipo mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga mu Sitandade 1 mpaka 4. Phala limene bungwe la Mary's Meals limapereka m'sukulu zambiri za mu Blantyre limakokera ana m'kalasi. Zonsezi zathandiza kuti ana alowe pachipata, koma kuwasunga zaka zisanu ndi zitatu ikadali ntchito yosatha.

Boma la Peter Mutharika lidalengeza kuti maphunziro a ku sekondale za boma akhala aulere kuyambira Januwale 2026. Mwayi umenewu ufikira mwana yekhayo amene wamaliza Sitandade 8 n'kusankhidwa. Amene adasiyira panjira, kuchotsa fizi sikumupindulira kanthu.

M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu. Komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi komanso gulu la amayi osamalira ana ku Chinyonga ali ndi ufulu wopempha ziwerengero zina zimene zili kale m'kaundula wa mphunzitsi wamkulu ndi kwa mlangizi wa zoni: mwa ana amene adayamba Sitandade 1, angati afika mu Sitandade 8 osabwereza, atsikana ndi anyamata amene asowa ndi angati ndipo adasiyira kalasi iti, ndi ana angati a Sitandade 3 amene akutha kuwerenga ndime ya Chichewa paokha. Ziwerengero zimenezi zitamapachikidwa pakhoma pambali pa zotsatira za Maneb, makolo adzadziwa ngati sukulu yawo ikuphunzitsa ana onse amene idalandira kapena ikungowerenga otsala.