Wogwira Khasu Nayenso Afunsidwe

Ambiri a inu mukacoka pano mudzalemba anthu nchito, kaya aganyu a nyengo yopalira, kaya mnyamata wosamala nkhuku caka conse. Timakuphunzitsani kuwerengera malipiro ao ndi kuwagawira mizere. Koma pali cinthu cimene ife aphunzitsi sitinenetsa: munthu amene mwamulemba amabwera ndi maso ndiponso nzeru, pamene eni mafamu ambiri amafuna manja ake okha.

Mu 1951 kampani ya Toyota ku Japan inakhazikitsa dongosolo lolandira maganizo a anchito ake. Ajapani amachula mcitidwe wotere kuti kaizen, ndiko kukonza zinthu pang'onopang'ono osalekeza. M'mafakitale a kampaniyo, wanchito wamba akaona colakwika amakoka cingwe coitanira kapitao, ndipo vuto likapanda kutha msanga, mzere wonse wa nchito umaima. Kampaniyo inaona kuti kuima kanthawi nkwabwino koposa kutulutsa galimoto yolakwika.

Pafamu tilibe zingwe, koma nkhani ndi imodzimodzi. Mbozi zoononga cimanga zimene zinafika m'dziko lathu kumapeto kwa 2016 zimabisala m'kati mwa nsonga, ndipo woyamba kuona timabowo pa masamba ndi mai wopalira, osati mwini munda wodutsa m'mphepete. Wosamala nkhuku ndiye adziwa comwera cimene cimadontha ndi kunyowetsa utuci. Ngati munamukalipira tsiku lina pamene anayesa kulankhula, adzakhala cete, ndipo inu mudzadziwa za vutolo anapiye atayamba kufa.

Ena amapacika bokosi la maganizo pakhomo la nyumba yosungiramo zida. Ife sitilikhulupirira kwenikweni, cifukwa anchito ambiri salemba momasuka, ndipo mabokosi otere amathera kukhala nyumba za akangaude. Ndi bwino kukhala nao pansi Lolemba m'mawa kwa mphindi khumi, ndi kufunsa cimene cinawavuta mlungu wathawo. Lembani ganizo lililonse m'kabuku pamodzi ndi dzina la mwini wake. Lolemba lotsatira muyankhe, ngakhale yankho likhale lakuti iai, ndipo mufotokoze cifukwa cake. Kufunsa munthu kenaka osamuyankha kumamupweteka koposa kusamufunsa konse.

Tidziwa kuti ena adzati wanchito akapatsidwa mau amayamba mwano, ndiponso kuti maganizo ena ndi ongofuna kupeputsa nchito. Zoona, si ganizo lililonse lothandiza. Nchifukwa cake timati muliyese pa mizere isanu kapena pa khola limodzi, nonse muone zotsatira. Ndipo ganizo lopeputsa nchito popanda kucepetsa zokolola musalinyoze, pakuti ndi phindu lanu lomwe.

Cenjerani ndi kapitao amene amatenga nzeru ya mnzake napita nayo kwa bwana ngati yake. Akatero kamodzi, anthu amatseka pakamwa mpaka kukolola. Ganizo likathandiza, chulani mwini wake pamaso pa onse, ndipo ngati lapulumutsa thumba la feteleza, iyenso alandireko kanthu pa tsiku la malipiro.